Ndinaloza Khwawa la Mayi Anga

Chaka cha njala yaikulu ija ya 1949 ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito, pa esiteti ina ya tiyi pakati pa Luchenza ndi Boma la Thyolo, ine, mayi anga ndi mlongo wanga Mariya, pakuti bambo anali atamwalira Mariya akali kumsana. Iwe Tamanda, ukuti aphunzitsi akutuma ukafunse akuluakulu za nkhono zimene zinkapezeka kuno kale, ati zina zatsala pang'ono kutheratu ndipo zina palibe akudziwa ngati zikalipo. Chabwino, ndikuuza, koma udziwe kuti wafunsa munthu amene nkhaniyi imamulemera pakamwa. Nawenso Yamikani, ika foniyo pansi usendere kuno, mawu anga safika patali masiku ano.

Mayi anga anali Mlomwe, anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi ali mtsikana, ndipo mpaka imfa yawo Chinyanja chawo chinali chokhota, mawu ena a kuno ena a kwawo. Ntchito yawo inali yothyola tiyi, mtanga kumsana kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa kupendeka. Masiku ano mukumanyadira Chilomwe, mukuvina mpaka pa wailesi ya kanema, koma nthawi imeneyo ankatitcha Anguru, ndipo dzina limenelo ankalitchula ngati akulavula. Ankati timadya zilizonse zokwawa.

Kumunsi kwa munda womaliza wa tiyi kunali khwawa limene azungu analisiya osalikhudza chifukwa linali lotsetsereka kwambiri. Munali mibawa ndi mikuyu ikuluikulu, zilambe zikulendewera, ndipo pansi panali masamba ovunda oti ukaponda phazi linkamira mpaka m'kakolo. Pakati pake panali kasupe wosaphwa. Ngakhale mu Okutobala, kunja kukuwotcha, ukalowamo unkamva kuzizira ngati tsiku la chiperoni. M'menemo ndiye munali nkhono.

Inu mukamva nkhono mumangoganiza zija zimakudyerani kabichi kudimba, koma zam'khwawa zinali zina, ndipo zinali zamitundumitundu. Kunali ting'onoting'ono ngati njere ya mapira, tobisala kuseri kwa khungwa. Kunali zina zaphwatalala, zozungulira ngati nkhata, ndi zina za chigoba chopyapyala choti unkaona mtima wake ukugunda mkati. Zina zinkakwera mitengo, zoyera zokhala ndi mzere wakuda. Ndiye kunali zazikulu, zodzaza chikhatho, zofiirira za mizere ngati malawi a moto, ndipo zimenezi ndi zokhazo zimene mayi ankatola kuti tidye. Sankatola chisawawa ayi. Yochepera chikhatho chawo ankaisiya, ziwiri zikagwirana ankazidutsa, ndipo akafukula masamba n'kupeza mazira, achikasu ngati nandolo, ankakwiriranso bwinobwino. Kunyumba ankaziwiritsa, kuzitulutsa ndi kamtengo, kuzitsuka ndi phulusa mpaka kuterera konse kutha, kenaka mchere ndi tsabola, n'kudyera chinangwa.

Mvula itakana chaka chimenecho, tiyi anasiya kuphuka, ntchito inachepa, ndipo anthu anayamba kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Ana a m'malaini anatupa mapazi, ena tinawaika m'manda. Koma mayi ankadziwa chinthu chimene ena sankadziwa, chakuti nkhono ikaona chilala siifa, imadzikwirira m'dothi n'kutseka pakamwa pa chigoba ndi kachikopa koyera ngati pepala, n'kugona. Ankagwada m'khwawa muja n'kumafukula ndi zala, ine nditagwira dengu. Mariya anali atafooka moti sankathanso kulira, koma msuzi umenewo unamudzutsa. Ngakhale azimayi amene ankatiseka pachitsime ankabwera chozemba kuseri kwa nyumba ndi timbale tawo, ndipo mayi sanabwezepo mmodzi. Musaiwale zimenezi, ana anga, chifukwa zimene ndikuti ndinene tsopano ndinazichita ndikudziwa zonsezi.

Njala itatha ndinapitiriza sukulu ya mishoni mpaka ndinadziwa kulemba ndi kuyankhula kachizungu, ndipo patapita zaka zingapo anandikweza kukhala kapitawo. Ha, mukanandiona! Kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, wezulo pakhosi. Ndinasiya kuyankhula Chilomwe, ndipo munthu akandifunsa ndinkati ndine Laitoni, Mmang'anja wa kutsidya. Ndinasamuka m'malaini n'kulowa kanyumba ka njerwa ka akapitawo, mayi n'kutsala komwe kuja. Koma anyamata a m'gulu langa ankadziwa kumene ndinachokera, ndipo ndikatembenuka ndinkamva wina akunong'ona kuti, "Akubwera Kapitawo Nkhono." Dzina limenelo linkandiwotcha kuposa chilichonse.

Nthawi yomweyo ndinali nditaona mtsikana kutchalitchi, Elube, agogo anu aakazi aja. Kwawo kunali cha kwa Khwethemule, banja lakale la kuno, ndipo amalume ake, a Chikopa, anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi njinga yakeyake. Lamulungu lina mvula itangokata, tikuchokera kutchalitchi, ndinkawaperekeza awiriwo pa msewu wodutsa m'tiyi, a Chikopa akukankha njinga, ine ndikuwauza za ntchito yanga monyadira. Titafika pokhota, ndinangoona mayi akutuluka m'kanjira ka kukhwawa, matope mpaka m'mawondo, dengu pamutu, ndipo nkhono ziwiri zitakwera m'mphepete mwa dengulo, tinyanga tili panja, poyera poti aliyense aone.

Atandiona nkhope yawo inawala, n'kuitana m'chinenero chawo kuti, "Mwanaka!" ndiko kuti mwana wanga.

A Chikopa anaima, anayang'ana dengu, anagwira mphuno n'kuseka. "Koma Anguru inu! Ngakhale pa Sabata? A Laitoni, mayi ameneyu mukumudziwa?"

Ana anga, pakamwa pangapa, pomwe pano, panatuluka mawu akuti, "Ndi mayi wina wa m'malaini, amathyola tiyi m'gulu langa. Onse amangonditcha mwana wawo."

Mayi anamva. Anali pafupi ngati pamene pali Yamikanipo. Anangopatuka kulowa m'mizere ya tiyi kuti tidutse, monga momwe wantchito ankapatukira bwana, ndipo ife tinadutsa. Elube anacheuka kawiri, ine sindinacheuke.

Mukuganiza kuti ndinapita kukapepesa? Sindinapite. Sindinapitenso kukawauza kuti amayi, nkhono zanuzi zikundichititsa manyazi, siyani. Ndinalibe mtima woyang'anana nawo. Ndinkangowatumizira mchere ndi sopo kudzera mwa Mariya, ndipo mumtima mwanga mlandu wonse ndinaukankhira pa khwawa lija. Ndinkati likanapanda kukhalapo, mayi sakanatuluka ndi dengu tsiku lija, ndipo ine sindikananama.

Tsono fakitale ya tiyi imadya nkhuni kwambiri poumitsa masamba, ndipo chaka chimenecho nkhuni zinayamba kuchepa. Mzungu woyang'anira minda, amene tinkamutcha Bwana Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake, ananditenga tsiku lina kuti tikayendere malo obzala bulugama. Iye anali atasankha kale chitunda china cha udzu ndi zitsamba kumpoto kwa fakitale, malo oti palibe ankawafuna. Tikubwerera tinadutsa pamwamba pa khwawa, ndipo ine ndinatambasula dzanja n'kuloza.

"Bwana, bwanji umu?"

Anachotsa kaliwo pakamwa. "Umu n'motsetsereka, kapitawo. Ndipo tikadula, kasupe uja sadzauma?"

Mwamva? Mzungu, mlendo, ndiye anakumbuka kasupe. Ine mwana wa pomwepo, amene ndinamwa madzi ake chaka cha njala, ndinati, "Sangaume, bwana, ndi wakalekale. Mitengo ili umu ikupatsani nkhuni ndi matabwa chaka chino chomwe, osadikira, ndipo bulugama amakonda pachinyontho. Komanso anthu amabisala m'menemu pothawa ntchito."

Zobisalazo linali bodza, ndinangolipeka pomwepo. Bwana Kaliwo anayang'ana mibawa ija nthawi yaitali, kenaka anandimenya paphewa. "Gudu, kapitawo. Uli ndi mutu. Ntchitoyi uyang'anira ndiwe."

Tinayamba mvula itatha. Nkhwangwa ndi macheka zinalira miyezi iwiri, ndipo mtengo waukulu ukamagwa nthaka inkanjenjemera mpaka m'malaini. Pagulu lodula panali mkulu wina wochokera dera limodzi ndi mayi, a Juwawo, munthu wosayankhulayankhula. Tsiku loyamba, asanaponye nkhwangwa, anandiyandikira n'kufunsa chapansipansi, "Akapitawo, amayi anu akudziwa?"

Ine ndinati, "Gwirani ntchito, a Juwawo, tikiti yanu ya malipiro ili m'manja mwanga."

Mitengo itachoka, dzuwa linalowa malo amene linali lisanalowepo, ndipo masamba ovunda aja anauma gwa. Mu Okutobala tinayatsa moto kuti tiyeretse. Ndinaima pamwamba ndi wezulo wanga, ndipo m'kati mwa kulilima kwa moto ndinayamba kumva timaphokoso tina, phu, phu, phu, ngati chimanga chokazinga. Zinali nkhono zikuphulika m'dothi momwe zinagona kudikira mvula. Fungo lake linali ngati la tsitsi lopserera, ndipo linakhala m'malaya anga masiku ambiri. Mbalame zinathawa, anyani anathawa, ngakhale njoka zinathawa, koma nkhono ithawa bwanji? M'mawa mwake phulusa lonse linali mbuu ndi zigoba, zazikulu, zazing'ono, zozungulira zija, ngati kwagwa matalala. Ndinali ndisanadziwe kuti zinalimo zochuluka choncho. Ndikuyang'ana, ndinaona mayi ataima kumapeto kwa tiyi, mtanga kumsana. Anayang'ana pansi paja, anayang'ana ine, kenaka anawerama n'kupitiriza kuthyola.

Ukwati unachitika ndithu. Pokambirana, ankhoswe sakanabisa kuti mayi anga ndani, ndipo a Chikopa atazindikira anangoseka n'kunena kuti kapitawo ndi kapitawo basi, mphwawo adzadya bwino. Taonani, chinthu chimene ndinawotchera nkhalango yonse chinatha ndi kuseka kumodzi. Elube ndi mayi anagwirizana modabwitsa, ankasinja limodzi, ankaphika nyemba za kalongonda limodzi, ndipo mwana wathu woyamba Joni anakulira pamsana pa agogo ake. Za khwawa panalibe ankazitchula. Bulugama anakula msanga, mizere yowongoka ngati asilikali, koma pansi pake panali pouma, masamba ake onunkhira mankhwala osavunda, ndipo chaka chachitatu kasupe uja anasanduka kamatope, kenaka anaphwa. Bwana Kaliwo anakondwa ndi nkhuni, ndipo analamula kuti makwawa ena awiri a pa esitetiyo achitidwe chimodzimodzi. Amenewo sindinaloze ine, koma njira ndinaonetsa ndine.

Nthawi imene nkhani za ufulu zinali pakamwa pa aliyense, mayi anadwala chifuwa. Tinawatengera kunyumba kwathu, tinapita nawo kuchipatala cha pa Boma, koma anabwerako ali chimodzimodzi, ndipo anayamba kukana chakudya. Phala ankalawa kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Inali nyengo ya mvula. M'mawa wina ndikumanga nsapato, Elube anabwera n'kukhala pansi pafupi nane.

"Bambo a Joni, amayi akuti mtima wawo ukufuna msuzi wa nkhono. Inu sangakuuzeni. Pitani mukafune."

Ndinamuyang'ana modabwa. "Iwe ungaphike zimenezo m'nyumba muno? Sungachite nyansi?"

"Nyansi za chiyani? Ine ndinadya kale."

"Liti?"

"Sabata yomwe ija munawakana pamsewu. Ndinaona nkhope yawo, ndinaona yanu, ndinadziwa kuti ndi mayi anu. Lachitatu lake ndinafunsa njira ya kumalaini, ndinapita ndekha kukawapepesa chifukwa cha kuseka kwa amalume. Anandiyalira mphasa, anandipatsa zimene anaphika, ndipo ndinadya mpaka kunyambita zala. Anandipempha kuti ndisakuuzeni, ati mungachite manyazi."

Ana anga, ndinakhala pamenepo nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Zaka zonsezo akazi awiriwa ankasunga manyazi anga ngati dzira, ine ndikuyenda ndi wezulo kumadziona ngati munthu.

Tsiku limenelo sindinapite kuntchito. Ndinatenga dengu la mayi n'kutsikira kukhwawa, ndinagwada pansi pa bulugama n'kumafukula ndi zala monga ankachitira iwo. Ndinapeza zigoba zakale zokha, zoti ukagwira zimafumbutuka. Tsiku lachiwiri ndinayenda makwawa ena aja, chimodzimodzi. Kunazale, kumene tinkafesa mbande za tiyi, kunali nkhono zakudimba zija, koma kumeneko tinkathira gaga wosakaniza ndi poizoni, sindikanapatsa wodwala. Tsiku lachitatu ndinalawira ulendo wa kuphiri la Thyolo, limene nthawi imeneyo linali lakuda bii ndi nkhalango, osati mbee ngati mukulionera lero. Ndinafika dzuwa lili pamutu, mvula ikuwaza, ndipo ndinafufuza mpaka mawondo kusupuka. Kaya zazikulu zinalipo koma maso anga anali ataiwala kafunidwe kake, kaya kumeneko sizinkachuluka, sindikudziwa. Ndinapeza ziwiri zokha za mizere ija, zazing'ono, zosafika n'theka la chikhatho. Ndinadziwa kuti n'zosayenera kutola, koma ndinatola.

Nditafika ndinagwada pamphasa pawo n'kuwaonetsa. Anadzuka pang'ono, Elube atawachirikiza kumsana, ndipo anatenga imodzi n'kuiika pachikhatho. Patapita kanthawi inatulutsa tinyanga n'kuyamba kuyenda pa dzanja lawo lowonda lija, ndipo mayi anamwetulira koyamba m'masabata ambiri.

"Wazipeza kuti?"

"Kuphiri, amayi."

"Kutali konseko. Koma awa ndi ana, mwanaka. Sitidya ana. Mawa ukawabweze pomwe unawatola."

Pamenepo ndinalira ngati kamwana, mkazi wanga akuona. Ndinati, "Amayi, khwawa lija sanasankhe mzungu. Ndinaloza ndine."

"Ndikudziwa," anatero. "A Juwawo anandiuza tsiku lomwe nkhwangwa inayamba kulira."

"Nanga bwanji simunandifunse?"

Anatsokomola, chifuwa chikulira. "Za pamsewu zija ndinakukhululukira ndisanafike n'kunyumba komwe. Unali mnyamata, unkafuna mkazi, ndipo anthu anatinyoza mpaka unatopa. Koma ukanangobwera n'kundiuza kuti amayi siyani, ndikanasiya tsiku lomwelo, ine ndine mayi ako. Nanga izozo zinakulakwira chiyani?"

M'mawa mwake ndinayendanso ulendo wonse uja ndi tinkhono tiwiri m'tsamba la nthochi, ndipo ndinakatisiya patsinde pa mtengo pomwe ndinatitola. Mayi anamwalira sabata yomweyo, msuzi uja osaulawa.

Kuchokera pamenepo zazikulu za mizere zija ndinazionako mwa apo ndi apo, kenaka osazionanso. Nkhalango ya kuphiri nayonso inapita, anthu anachuluka, minda inachepa, ndipo anakwera ndi makasu mpaka pamwamba. Sindiwaweruza, iwo inawatuma ndi njala, pamene ine panalibe chinandituma koma kunyada. Aphunzitsi akowo akunena zoona, Tamanda. Nkhono si mbalame yoti ukaiwonongera pano ikamanga kwina. Mtundu wina ukhoza kukhala m'khwawa limodzi lokha padziko lonse, ndipo khwawalo likapsa wapita, popanda ngakhale munthu woupatsa dzina. Ting'onoting'ono tija ndi zozungulira zija sindidziwa ngati zinali kwinanso. Mwina ndinamaliza ndine.

Malo okhawo amene mitengo yakale yatsala kuno ndi kumanda, ndipo chaka chatha pamaliro ena, nditakhala pamthunzi, ndinaona kachigoba katsopano pamasamba, kooneka ngati ka mizere. Maso angawa ndi okalamba, sindingalumbire. Koma iwe Yamikani, poti wayamba kupita nawo kokalambula manda, uwauze anzako mwaulemu kuti asamayatse moto, ndipo masamba a pansi pa mitengo asamawasese onse, pakuti chimene inu mumati zinyalala ndi nyumba ya wina. Mukapeza nkhono yachilendo musaiphwanye, mukaitane aphunzitsi adzaione ili moyo pomwepo.

Ndipo china ndi ichi. Mudzaphunzira, mudzapita kutali, mudzakhala pakati pa anthu ovala bwino, ndipo tsiku lina chinthu cha kwanu chidzakuchititsani manyazi, pakuti zimenezi zimagwera aliyense. Zikadzatero musadzakhale chete n'kukalusira chinthu chosalakwa, mudzapite kwa mwiniwakeyo mukakambe naye. Ndipo mayi anu akadzakuitanani pamsewu, kaya ali ndi matope m'miyendo, kaya asenza chiyani, kaya aitana m'chinenero chanji, mudzaime, mudzatembenuke, ndipo mudzayankhe mokweza kuti amene muli nawowo amve.